Ndege idasowa, pakamwa padachuluka: za MH370, boma ndi atolankhani

 Nkhani yanga ndi ya ndege ya Malaysia Airlines ya ulendo wa MH370, imene idasowa pa 8 Marichi 2014 itanyamula anthu 239. Za mainjini ndi mapiko ndingozikhudza pang'ono. Chimene ndikufuna tione ndi zimene adachita otsala pansi: boma, atolankhani, abale a osowawo, ndi ife omvera.

Tikumbutsane kaye. Ndegeyi, ya mtundu wa Boeing 777, idanyamuka ku Kuala Lumpur pakati pa usiku kupita ku Beijing, ili ndi apaulendo 227 ndi antchito 12. Oposa 150 mwa apaulendowo adali a ku China. Nthawi ili 1:19 mmodzi mwa oyendetsa adatsanzikana ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege a ku Malaysia, poti tsopano amalowa m'manja mwa anzawo a ku Vietnam. Patangopita mphindi ziwiri, kachipangizo kotchedwa transponder, kamene kamauza apansi dzina la ndege ndi pamene ili, kadaleka kugwira ntchito. A ku Vietnam adadikira osamva kanthu. Atafunsa, a kampani ya ndegeyo adati ili bwinobwino cha ku Cambodia, chonsecho amangowerenga njira imene imayenera kudzera, osati imene idadzera. Ofesi yoyang'anira zopulumutsa anthu idauzidwa patapita maola anayi. Ku Beijing anthu odzachingamira abale awo adangoona pachikwangwani kuti ndege yachedwa.

Tsono tamverani apa. Asilikali a Malaysia adali ndi radar yawo, ndipo radar imeneyo idaona ndege ikutembenuka, kudutsanso pamwamba pa dziko la Malaysia kulowera kumadzulo, mpaka nthawi ya 2:22 pamene idazimiririka kumpoto kwa chilumba cha Sumatra. Komabe kwa sabata yathunthu sitima ndi ndege za maiko ambiri zidapitiriza kufufuza kum'mawa, m'nyanja ya South China. Nyuzipepala ina ya ku Malaysia komweko italemba kuti mkulu wa asilikali a m'mlengalenga wavomera zoti ndege idaoneka kumadzulo, mkuluyo adakana kuti sadanene choncho. Wall Street Journal ya ku America italemba kuti ndegeyo idaulukabe maola angapo, akuluakulu adatsutsa. Ndi pa 15 Marichi pamene Nduna Yaikulu, a Najib Razak, adaima pamaso pa atolankhani nkuvomera kuti inde ndege idatembenuka, idauluka maola ambiri, ndipo zidaoneka kuti wina m'ndegemo adachita dala.

Ngakhale mawu omaliza a woyendetsa ndege adasinthidwa. Amene boma lidalengeza poyamba sadali amene lidatulutsa kumapeto kwa mwezi womwewo. Kusiyana kwake kudali kochepa, kopanda tanthauzo lalikulu. Koma munthu amene mwana wake ali m'ndegemo amadzifunsa kuti: ngati akulephera kundiuza mawu ochepa okha molondola, zina zonsezi ndizikhulupirire bwanji?

Ine sindikhulupirira kuti akuluakulu a ku Malaysia adali ndi chiwembu. Vuto lawo lidali chizolowezi. Chipani cha UMNO chidakhala chikutsogolera boma kuyambira pamene dzikolo lidalandira ufulu mu 1957, ndipo chidachoka mu 2018. Nyuzipepala zikuluzikulu monga Utusan Malaysia ndi New Straits Times zidali m'manja mwa chipanicho kapena abwenzi ake. Nduna imene idazolowera kuwerenga chikalata, atolankhani nkulemba modzichepetsa, idangodzidzimuka ili pamaso pa mazana a atolankhani akunja amene saopa kufunsa funso limodzi katatu. A Hishammuddin Hussein, amene panthawiyo adali nduna ya zachitetezo komanso wogwirizira unduna wa zamtengatenga, adaonekera tsiku ndi tsiku, koma mayankho adali a lero china, mawa china. Inu amene mudakhala zaka kunja mukutchera BBC usiku kuti mumve za kwanu, simufuna kuti ndikufotokozereni mtundu umenewu wa boma.

Pali ndithu chifukwa china chimene tingawamvere chisoni. Dziko lililonse silifuna kuti anansi adziwe pamene radar yake imaona ndi pamene siona, ndiponso silifuna kuvomera kuti ndege yosadziwika idadutsa mumlengalenga mwake asilikali osachitapo kanthu. Nalo dziko la Thailand lidakhala masiku khumi lisadanene kuti radar yake idaona ndege yotere, ndipo litafunsidwa lidati palibe amene adalifunsa mwatchutchutchu. Manyazi a asilikali adadya masiku amene mabatire a black box, aja panthawiyo ankalira kwa masiku pafupifupi 30 okha pansi pa madzi, adali kutha.

Tibwere kwa atolankhani, poti nawonso sadatuluke oyera. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Zitadziwika kuti apaulendo awiri adakwera ndi mapasipoti obedwa, lina la ku Italy lina la ku Austria, mitu ya nkhani idadzaza ndi za zigawenga. Patapita masiku owerengeka apolisi a Interpol adati adali anyamata a ku Iran ofuna kukakhala ku Ulaya, ndipo padalibe chosonyeza kuti ndi zigawenga. Mmodzi mayi ake amamudikira ku Germany. Ndani adapepesa kwa mayi ameneyo?

Kenaka adatembenukira kwa woyendetsa wamkulu, a Zaharie Ahmad Shah, bambo wa zaka 53 amene adagwira ntchito pakampanipo zaka zoposa 30. Poti adali wotsatira chipani chotsutsa cha a Anwar Ibrahim, amene khoti lidawagamula kuti akakhale kundende tsiku limodzi ndege isadasowe, nyuzipepala zina za ku Britain zidamutcha wotentheka pandale. Poti adali ndi makina ophunzirira kuuluka kunyumba kwake, zidati amakonzekera. Apa tisamale, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Nzoona kuti m'makinamo mudapezeka njira ina yolowera kummwera kwa nyanja ya Indian, ndipo akatswiri ambiri amamukayikira. Nzoonanso kuti lipoti la ofufuza la mu Julayi 2018 silidapeze umboni womuloza chala: lidati ndege idatembenuzidwa ndi manja a munthu, koma silidathe kutchula munthuyo kapena chifukwa chake. Mtolankhani wabwino amanena zonse ziwiri. Ambiri adasankha imodzi yokoma m'khutu.

Wailesi yakanema ya CNN idapanga nkhaniyi kukhala nsima ya m'mawa, masana ndi usiku kwa masabata angapo, ndipo oonera adachuluka. Koma nkhani yatsopano kudalibe, tsono maola onsewo adawadzaza ndi chiyani? Adabwereka makina ophunzirira kuuluka, mtolankhani nkumakhalamo tsiku lonse. Muulutsi wina, a Don Lemon, adafika pofunsa akatswiri ngati nkutheka kuti ndege idamezedwa ndi dzenje la kuthambo lija amati black hole. Ife tikamva zotere timaseka, monganso dziko lonse lidaseka sing'anga wa ku Malaysia, a Ibrahim Mat Zin, amene adapita pabwalo la ndege la Kuala Lumpur ndi kokonati ziwiri ndi timapaipi tansungwi kuti aombeze kumene kuli ndege. Koma ndikufunseni: sing'anga wa kokonati ndi muulutsi wa tayi, adasiyana pati usiku umenewo? Wa kokonati mwina ndiye adavulaza anthu ochepa.

Pa intaneti ndiye padali msika. Ena adati ndege ili ku Diego Garcia, chilumba chimene pali asilikali a America, ndipo America idakana. Ena adati ili ku Kazakhstan. Anthu a pakachilumba kena ku Maldives adati adaona ndege yaikulu ikuuluka m'munsi. A Mahathir Mohamad, amene adalamulapo Malaysia zaka 22, adalemba mu Meyi 2014 zoloza chala kampani ya Boeing ndi akazitape a CIA. Padalinso zabwino: kampani ya DigitalGlobe idaika zithunzi za setilaiti poyera, anthu mamiliyoni nkumazipenya kufunafuna chidutswa. Sadapeze kanthu, koma mtima wake udali wa pamaliro, pamene aliyense amabwera ndi kankhuni kake.

Amene adasenza katundu yense ndi abale. Ku Beijing adawasonkhanitsa pahotela ya Lido, kumene adakhala masabata ambiri akudikira. Ena ankaimba mafoni a abale awo nkumva akuitana, mitima nkudumpha. Akatswiri adafotokoza kuti kulira kumeneko kumachokera kumakina a kampani ya mafoni pamene akufunafuna foniyo, osati kufoni yeniyeniyo. Pa 19 Marichi mayi wina wa ku China adalowa m'chipinda cha atolankhani ku Kuala Lumpur akulira mwana wake, ndipo alonda adamutulutsa momukoka, makamera onse ali pa iye. Pa 24 Marichi a Najib adalengeza kuti ulendo wa ndegeyo udathera kummwera kwa nyanja ya Indian. Ena mwa abale adalandira uthengawu pafoni, wolembedwa m'Chingerezi. Taganizani, amayi ndi abambo, uthenga wa maliro umene kwathu kuno amatuma munthu wamkulu, nkukakhala pansi kaye, nkuyamba ndi zina, iwo adaulandira ngati chikumbutso cha ngongole. M'mawa mwake adayenda ulendo wa pansi kupita ku ofesi ya kazembe wa Malaysia, chinthu chosaonekaoneka mumzinda wa Beijing, kumene boma silikonda zionetsero.

Ndipo chigamulo chimenecho sichidachokere pamtembo kapena chidutswa ayi, chidachokera pamasamu. Kampani ya Inmarsat ya ku London idapeza kuti setilaiti yake idakhala ikupatsana moni ndi kachipangizo ka m'ndegemo pafupifupi ola lililonse, mpaka nthawi ya 8:19 m'mawa. Poyeza nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwera, ndi kusintha kwa kamvekedwe kake, akatswiri adaloza dera la kumadzulo kwa Australia. Masamuwo adali abwino, ndipo zidutswa zimene zidapezeka pambuyo pake zidagwirizana nawo. Koma boma limene lakhala likusinthasintha mawu kwa masiku 16 likabwera ndi masamu, wamasiye angalire pamasamu? Abale adapempha kuti ziwerengerozo zitulutsidwe poyera, ndipo zidatuluka kumapeto kwa Meyi.

Mu Epulo sitima ya Australia, Ocean Shield, idamva kulira pansi pa nyanja, ndipo Nduna Yaikulu ya dzikolo, a Tony Abbott, adati ali ndi chikhulupiriro chachikulu kuti ndi black box. Sikudali iyo. Pa 17 Julayi ndege ina ya kampani yomweyo, MH17, idaomberedwa kum'mawa kwa Ukraine nkupha anthu 298, ndipo makamera adasamuka.

Kufufuza pansi pa nyanja kudapitirira mwakachetechete mpaka Januwale 2017. Adasesa masikweya kilomita 120,000, dera loposa Malawi yense pamodzi ndi nyanja yake, pamalo akuya makilomita anayi kapena kuposa, moti phiri la Mulanje mutalimiza pamenepo nsonga ya Sapitwa singaoneke. Umboni wogwirika udabwera wokha ndi mafunde, ndipo udabwera kuno ku Africa. Pa 29 Julayi 2015 ogwira ntchito yosesa m'mbali mwa nyanja pachilumba cha Réunion adatola chidutswa cha phiko, ndipo a ku France adatsimikiza mu Sepitembala kuti nchandegeyo. Zina zidapezeka kugombe la Mozambique cha ku Xai-Xai ndi ku Vilankulo, ku Mossel Bay ku South Africa, ku Mauritius, ndi pachilumba cha Pemba ku Tanzania. Otola adali asodzi, alendo okacheza ndi anthu wamba.

Amene mudali ku South Africa kapena maiko oyandikana nayo mukukumbukira Helderberg, ndege ya South African Airways imene idagwa pafupi ndi Mauritius mu Novembala 1987 nkupha anthu 159. Kumeneko zidutswa zidapezeka, kafukufuku adachitika, koma poti boma la tsankho lidali lodziwika ndi zinsinsi, mphekesera zoti idanyamula katundu wa asilikali sizidathe, mpaka bungwe la Truth and Reconciliation lidayambanso kufunsa mu 1998. Ifenso tidalawako usiku wa pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali yonyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu idasowa ku Chikangawa. Wathu udali usiku umodzi, ndipo mukudziwa zimene zidayenda m'mafoni usikuwo.

Mu 2018 kampani ya Ocean Infinity idafufuzanso pamgwirizano woti ikapanda kupeza silandira kanthu, ndipo idabwerako chimanjamanja. Lipoti la chaka chomwecho litaonetsa zolakwa za oyang'anira kayendedwe ka ndege, mkulu wa bungwe loona za ndege ku Malaysia, a Azharuddin Abdul Rahman, adatula pansi udindo. Mu Marichi 2025 boma la Malaysia lidavomerezanso mgwirizano wotere ndi kampani yomweyo, wa madola 70 miliyoni, kuti ifufuze dera lina latsopano. Amene adakhala akukankha kuti nkhaniyi isafe ndi gulu la abale lotchedwa Voice370. Mu Disembala 2016 ena mwa iwo adalipira okha ulendo wa ku Madagascar, nkumayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja akugawa timapepala tokhala ndi zithunzi, kupempha asodzi kuti akatola chachilendo pamchenga asachitaye, asachiswe, achipereke kupolisi.

Wapampando, ndiime pamenepa kuti tilandire mafunso.