Mabuku a Nthano Zoseketsa: Labwino Tingalidziŵe Bwanji?

Lero tikamba za mabuku a nthano zoseketsa, aja osimba za nyama zolankhula, za zidole zoyenda zokha ndi za maulendo odzaza ndi zoopsa, amene mwana akayamba kuŵerenga amaiŵala kuti nsima ikuzizira. Funso lathu ndi ili: pakati pa mabuku otere, labwino tingalidziŵe bwanji?

Funsoli si lachabe. Mu 2022, pamene boma linathetsa malipiro a maphunziro m'masukulu ake, ana ambiri amene anali kungokhala pakhomo analoŵa m'makalasi, ndipo m'masukulu a m'makomboni anayamba kupanikizana pa desiki limodzi, ena n'kukhala pansi. Mabuku a nthano sanachuluke monga anachulukira ana. Mphunzitsi amene ali ndi buku limodzi kapena aŵiri m'kabati ayenera kusankha mwanzeru, pakuti buku loyamba limene mwana akomana nalo ndilo limamuuza ngati kuŵerenga n'chakudya kapena n'chilango. Likakhala lozizira ngati phala la dzulo, mwanayo adzaŵerenga pokhapokha mayeso akayandikira.

Musayambe ndi chikuto. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mabuku a zithunzi zoŵala amene nthano yake ilibe mutu, ndipo alipo ena akale, ong'ambika m'mphepete, amene mukaŵatsegula kalasi lonse limagwa ndi phwete. Njira yoyesera buku loseketsa ndiyo kuliŵerenga mokweza pamaso pa ana, ndipo akaseka, kuŵafunsa kuti: taseka yani, ndipo wachita chiyani?

Tsiku lina ndinachezera sukulu ina ku Chawama, kumene mphunzitsi wa Giredi 4 anali kusimba nthano ya Kalulu ndi chitsime. Ana anaseka kwambiri kotero kuti mphunzitsi wa m'chipinda choyandikana anasuzumira pakhomo, poganiza kuti kalasilo lasiyidwa lopanda munthu. Anapeza ana onse maso ali pa mnzake uja, palibe wotsina mnzake, palibe wosinza. Phokoso lija linali la ana amene akumva nkhani.

Nthanoyo ambiri muidziŵa. Kunagwa chilala, ndipo nyama zonse zinapangana kukumba chitsime. Kalulu yekha anakana, nati iye ali ndi madzi ake okoma. Madzi atatuluka, nyamazo zinaika mlonda kuti waulesi uja asamweko. Koma Kalulu anali kudza ndi uchi m'chiguduli cha mphonda, n'kulaŵitsa mlonda pang'ono, n'kumuuza kuti madzi okomaŵa amamwa munthu womangidwa manja ndi miyendo. Mlonda akavomera kumangidwa, Kalulu anali kumwa, kutunga, ngakhale kusamba m'chitsime momwemo. Zinatero ndi alonda amphamvu, mmodzimmodzi, kufikira Fulu, amene onse anali kumupeputsa, anadzipaka ulimbo pamsana nakhala m'madzi ngati mwala. Kalulu anapondapo, phazi linakanirira. Anamenya ndi dzanja, nalonso linakanirira. Anaponda ndi phazi lina, osachoka. Umo ndi mmene anagwidwira.

Nditafunsa ana aja kuti aseka yani, mnyamata wina anati waseka alonda, chifukwa anali aakulu misinkhu koma anagulitsa ntchito yawo ndi kadontho ka uchi. Mtsikana wina anati iye waseka Kalulu, chifukwa pamene anali kumenya ndi pamene anali kudzimanga yekha. Anawonjeza kuti pampopi wa kwawo, pamene iye amafola ndi chigubu m'mamaŵa, amabwera Kalulu wina amene safuna mzere. Ana aŵa sanafunikire kuuzidwa phunziro la nthanoyo. Analipeza okha m'kati mwa kuseka, ndipo analitengera kumpopi. Chimenechi ndicho chizindikiro chachikulu cha nthano yoseketsa yabwino: chimene chikuseketsa ndi chimene chikuphunzitsa zimakhala chinthu chimodzi.

Tsopano tione mabuku. Loyamba ndi lija lotchedwa Kalulu the Hare, limene linasindikizidwa mu 1937. Analilemba ndi Frank Worthington, Mngelezi amene anagwira ntchito m'boma la atsamunda m'dziko lino lisanatchedwe Zambia. Agogo anu ambiri amene anapita kusukulu amalikumbukira. Ubwino wake ngwakuti mwana amene akuphunzira Chingelezi amakomana ndi mnzake wakale m'chinenero chatsopano. Popeza khalidwe la Kalulu alidziŵa kale, amatha kulota tanthauzo la mawu achilendo osafunsa. Koma nthano yathu ikasamukira papepala ndi m'chinenero cha eni, imasiya katundu wina panjira. Palibenso woyamba kuti "Panangokhala", palibe omvera oyankha kuti "Tili tonse", ndipo nyimbo imene imadzutsa osinza pakati pa nthano imasoŵa poloŵera. Tsono inu aphunzitsi, mukamaŵerenga buku lotere, bwezeranimo zimene zinatayikazo. Imani pakati, mufunse ana mmene agogo awo amasimbira nthano imodzimodziyo, ndipo ngati ilipo nyimbo yake, aiimbe.

Ananu mudzakondwa kudziŵa kuti Kalulu anawoloka nyanja. Anthu a mu Afirika amene anatengedwa ukapolo kunka ku America ananka nazo nthano zawo, ndipo mu 1880 Joel Chandler Harris anasindikiza zina mwa izo m'buku la Uncle Remus. Mmenemo muli kalulu wotchedwa Brer Rabbit, amene anakanirira pa chidole chopakidwa phula, dzanja ndi phazi, monga anachitira Kalulu wathu pamsana pa Fulu. Nthano imene inapirira ulendo woŵaŵa chotero ndi nthano yolimba, yosayenera kuchitidwa manyazi m'kalasi.

Wachiŵiri woti timutchule ndi Julius Chongo, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'zaka za m'ma 1970 anali kusimba nthano pa wailesi ya dziko lino m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Munthu mmodzi yekha anali kusintha mawu, pano nkhalamba, apa mtsikana, apo fisi, kotero kuti omvera anali kuona ndi makutu. Anamwalira mu 1995, koma zina mwa nthano zake zinalembedwa ndi Ernst Wendland m'buku limene University of Zambia Press inasindikiza mu 2004, m'Chinyanja pamodzi ndi m'Chingelezi. Kwa Chongo tiphunzirako kuti nthabwala zambiri za chinenero chathu zimakhala m'mawu aja ofanizira. Kunena kuti Fisi anagwa m'madzi n'kupereka uthenga chabe. Kunena kuti Fisi anangoti m'madzi phava, natuluka ali nyotcholi, n'kumuonetsa mwana Fisiyo. Mukatenga buku la Chinyanja, yang'anani ngati anthu ake akulankhula monga amalankhulira anthu amoyo, kapena ngati ndi Chingelezi chovala malaya a Chinyanja. Dziŵaninso kuti Chongo anali kusimbira banja lonse, akulu ndi ana omwe, motero mphunzitsi ayambe waŵerenga yekha ndi kusankha zoyenera msinkhu wa kalasi lake.

Buku lachitatu n'lochokera kutali. Ndilo Pinocchio, limene Carlo Collodi wa ku Italy analitulutsa mu 1883, ndipo lipezeka m'Chingelezi chofupikitsidwa cha ana. Mmisiri wosauka, Geppetto, asema chidole cha mtengo chimene chiyamba kulankhula ndi kuthamanga. Pofuna kuti chipite kusukulu, nkhalambayo igulitsa jekete lake lokhalo m'nyengo yozizira kuti igule buku la alifabeti. Pinocchio, ali panjira ya kusukulu, agulitsa bukulo kuti aloŵe m'chionetsero cha zidole. Pambuyo pake akomana ndi Nkhandwe ndi Mphaka, amene amuuza kuti akakwirira ndalama zake zagolide m'munda wina, mudzamera mtengo wobala ndalama. Akanama, mphuno yake imatalika. Atathaŵira kudziko limene kulibe sukulu, kumene ana amangoseŵera tsiku lonse, amera makutu aatali nasanduka bulu.

Ngakhale kuti bukuli linalembedwa ku Ulaya zaka zoposa 140 zapitazo, mwana wa ku Kanyama salimva ngati lachilendo. Amadziŵa amayi amene amakhala pamsika wa Soweto kuyambira mbandakucha kuti agule yunifomu ndi makope. Anamvapo za anthu olonjeza kuchulukitsa ndalama za ena, amene amasoŵa ndalamazo zikangoloŵa m'manja mwawo. Kuseka mphuno ya Pinocchio n'kosavuta, koma mwana akafika pa jekete lija amakhala duu, ndipo buku limene lingathe kuseketsa mwana ndi kumukhazika chete pa tsamba lotsatira ndi buku la mtengo wapatali. Chofooka chake n'chakuti m'malo ena wolembayo amalalikira motalika, ndiponso muli zoopsa zina, monga pamene achifwamba apachika chidolecho pamtengo, zimene zingaopse ana a Giredi 1 ndi Giredi 2. Liyenera ana a Giredi 5 kunka m'tsogolo, kapena aang'ono ngati mphunzitsi akusimba yekha ndi kudumpha pamene payenera kudumphidwa.

Tibwerere ku funso lathu lija: taseka yani? Pali kuseka kwina kumene sitikufuna m'kalasi. Mukapeza buku limene nthabwala zake zagona pa kupunduka kwa munthu, pa chibwibwi, pa khungu la mwalubino, pa umasiye kapena pa zigamba za wosauka, liikeni pambali ngakhale ana aseke chotani. M'kalasi mwanu momwemo muli mwana amene ena adzamutembenukira poseka, ndipo dzina la m'bukumo lidzamutsata mpaka kunyumba. Chenjeraninso ndi nthabwala za mitundu. M'komboni mumakhala Mcheŵa, Mbemba, Mtonga, Mlozi ndi Mnsenga mpanda umodzi. Akuluakulu ali nacho chimbuya chawo, monga chija cha Angoni ndi Abemba, ndipo amadziŵa polekezera. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sadziŵa. Nthano zabwino zimaseka zimene munthu angathe kuzisiya: umbombo wa Fisi, kudzitama kwa Mkango, ulesi wa Kalulu, bodza la Pinocchio. Munthu angaleke bodza, koma sangaleke mwendo umene anabadwa nawo.

Mwina mufunsa kuti mabukuŵa muŵapeza kuti. Yambani ndi kabati ya sukulu yanu, pakuti kaŵirikaŵiri mumagona mabuku akale a NECZAM, kampani imene inasindikiza nthano zambiri m'zinenero zathu dziko litalandira ufulu. Funsani ku laibulale ya mzinda. Bungwe la Lubuto linatsegula laibulale ya ana ku Kamwala mu 2007 ndi ina ku Garden mu 2010. Amene muli ndi foni yoloŵa pa intaneti, funafunani African Storybook, kumene kuli nthano zazifupi zaulere, zina za m'Chinyanja. Ndipo ngati zonsezi zalephereka, tumani ana akafunse nthano kwa agogo kapena kwa anansi achikulire, adzailembe m'kope, ena ajambule zithunzi. Kope limenelo lidzakhala buku loyamba la laibulale ya kalasi lanu.

Tsopano ntchito yanu ananu ya mlungu uno ndi iyi. Sankhani nthano imodzi yoseketsa imene mwaŵerenga kapena mwamva. Lembani dzina lake, ndi dzina la woilemba kapena wokusimbirani. Simbani m'mizere itatu chimene chinachitika, koma musaulule mathero ake, kuti mnzanu akhale ndi njala yoiŵerenga. Kenaka lembani pamene munaseka kwambiri, amene munamuseka, ndi chimene anachita. Potsiriza nenani ngati mungaipereke kwa mng'ono wanu, ndi chifukwa chake. Musaope kulemba kuti nthanoyo sinakukomereni, malinga mupereke chifukwa. Amene wachita zimenezi wayesa buku monga amachitira akatswiri olemba m'nyuzipepala.

Inu aphunzitsi, makalata a anaŵa muŵapachike pakhoma, ndipo buku limene latamandidwa ndi ambiri muliŵerenge Lachisanu, phunziro lomaliza lisanathe. Mukafika pokoma penipeni, tsekani bukulo, munene kuti zotsala adzamva Lolemba. Mudzaona amene adzakutsatani pakhomo kupempha kuti alibwereke.

Kwa lero tilekeze pomwepa. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ananu.