MBALA YA MASIKU ANO SITHYOLA CHITSEKO

Mawu amene mphunzitsi wa madrasa yathu adayankhula pabwalo la mzikiti itatha swala ya Idi



A Shehe athu, mafumu amene muli pano, akuluakulu a komiti ya mzikiti, abambo, amayi, achimwene ndi achemwali, pamodzi ndi ana athu a ku madrasa, Idi Mubarak kwa nonse. Tithokoze Allah amene watisunga mwezi wonse wa Ramadhani mpaka kutifikitsa tsiku la lero. Mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (SAW).

Komiti yatipempha kuti tiyankhulepo mawu pang'ono tisanabalalike. Tikudziwa kuti mpunga ukudikira m'makomo, choncho sititalikitsa. Nkhani yathu ndi ya umbava umene walowa m'midzi mwathu kudzera m'mafoni ndi pa intaneti. Tasankha kuinena lero chifukwa nyengo ya Idi ndiyo imene ndalama zimayenda kwambiri: ana athu a ku Joni amatumiza kangachepe, ena akupereka zakaat ndi sadaka, ndipo mitima imakhala yofewa. Akuba nawo amadziwa zimenezi.

Makolo athu kuno kwa Mwambo ankadziwa mbala ya mtundu umodzi, yobwera usiku kudzaboola khoma, kumasula mbuzi m'khola, kapena kuvuula ukonde wa mnzake ku Kachulu. Mbala yotereyo ankaitchinga ndi mpiringidzo, ndipo munthu akakuwa mudzi wonse unkadzuka. Koma mbala ya masiku ano sithyola chitseko ayi. Imakhala kutali, imakuimbirani foni mwaulemu, nthawi zina kuyamba ndi salamu, ndipo ndalamazo mumaitumizira nokha ndi chala chanu.

Tisanamizire foni kuti ndiyo yoipa. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, ndipo njirazi zatithandiza ndithu. Kale munthu ankakwera njinga kapena galimoto mpaka m'tauni ya Zomba kuti akalandire ndalama. Lero amangofika pa Jali kwa ejenti. Koma njira imene yafupikira ife yafupikiranso akathyali. Mu 2023 bungwe la MACRA, loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, lidanena kuti Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'mafoni. Zidamvekanso m'manyuzipepala kuti ena mwa oimba mafoniwo ankaimba ali m'kati mwa ndende yaikulu ya Zomba, pafupi pomwepa. Boma lidakhazikitsa lamulo la milandu ya pa makompyuta ndi intaneti mu 2016, ndipo mu 2018 tonse tidauzidwa kulembetsa manambala athu a foni. Komabe akuba amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Ndiye kuti mlonda woyamba wa ndalama zanu ndinu nomwe.

Tikuuzeni zimene zidatsala pang'ono kutigwera ife eni ake a komiti, kuti wina asaganize kuti opusitsidwa ndi osaphunzira okha. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, khoma la madrasa yathu lidagwa, monga mukukumbukira. Anyamata adajambula zithunzi n'kuziika pa Facebook kupempha thandizo. Pasanathe masabata awiri mlembi wathu adalandira kalata ya pa imelo. Wolembayo adati ndi mayi wamasiye wa ku Dubai, ndipo mwamuna wake pomwalira adasiya chuma chomangira mizikiti ku Africa kuno. Kalatayo idadzaza ndi masalamu ndi maduwa okoma. Kumapeto kwake adati ndalama zakonzeka, koma tiyambe tatumiza kangachepe kotsegulira njira ku banki.

Tinene zoona pamaso pa Allah, mitima yathu idadumpha. Ifeyo amene tidapita kusukulu ndi amene tidali patsogolo kunena kuti titenge ndalama za m'bokosi la Lachisanu titumize msanga. Amene adatipulumutsa ndi agogo ena a m'komiti momwemu, amene sadagwirepo kompyuta chibadwire. Iwo adangofunsa kuti, "Ana inu, munthu wofuna kukupatsa ng'ombe angayambe wakupempha nkhuku? Bwanji osangochotsa pa zake zomwezo n'kutitumizira zotsalazo?" Tidamulembera choncho mayi uja. Adayankha mokalipa kuti tikuchedwetsa ntchito ya Allah, ndipo tikapanda kutumiza pofika mawa chumacho chipita ku mzikiti wina. Titakana kachiwiri, adangoti zii mpaka lero. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Bodza limeneli ndi lakale. Lisanafike pa imelo linkayenda m'makalata a ku positi, ndipo padziko lonse limadziwika ndi dzina loti 419, kuchokera pa nambala ya ndime ya lamulo la ku Nigeria loletsa kuba mwachinyengo. Chasintha ndi chovala chokha. Kwa Akhristu wakubayo amatchula tchalitchi, kwa ife amatchula mzikiti, chitsime kapena ulendo waulere wa ku Haji. Salamu ndi mawu oti Insha Allah aliyense angathe kuwaloweza.

Tsopano titchule misampha ina imene yafala kwathu kuno, kuti muizindikire ikamabwera.

Woyamba ndi uthenga woti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, foni yanga yavuta." Wakubayo sakudziwani. Amatumiza uthengawo kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, podziwa kuti mwa iwo alipo mmodzi amene amati atumizedi ndalama kwa wina tsiku lomwelo.

Wachiwiri ndi wa thiransipoti. Amati wanyamula katundu wanu wochokera kwa mbale wanu wa ku Joni, ali pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo katunduyo agwidwa mukapanda kutumiza ya msonkho pompano. Khomo liti kwa Mwambo kuno limene lilibe mbale ku Joni? Ndiye chifukwa chake bodzali limagwira. Nthawi zambiri dzina la mbaleyo mumalitchula ndinu, pofunsa kuti, "Kodi watumiza ndi uje?" Iye n'kungovomera.

Wachitatu ndi wonena kuti wakutumizirani ndalama molakwitsa, mumubwezere. Uthenga umaonekadi ngati ndalama zalowa, chikhalirecho walemba ndi iye yemwe. Yang'anani kumene wachokera: wa kampani umabwera ndi dzina la kampani, wabodza umachokera pa nambala wamba. Ndipo musanabweze kalikonse, onani kaye ngati ndalama zawonjezekeradi mu foni mwanu.

Wachinayi ndi wodzitcha wa ku kampani ya foni, wa ku banki, kapena wa boma wolemba maina a Mtukula Pakhomo ndi feteleza wotsika mtengo. Amati mwapata mphoto, kapena nambala yanu itsekedwa, ndiye mumuuze nambala yanu yachinsinsi, kapena mudinde manambala amene akukuwerengerani. Ena amapempha manambala 6 amene WhatsApp yakutumizirani. Mukawapatsa amalanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Wachisanu ndi woopsa kuposa yonse, pakuti umaba munthu weniweniyo. Awa ndi malonjezo a ntchito kunja. Mu 2024 a BBC adaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adapulumutsidwa ku Oman. Ena adakopedwa pa Facebook ndi malonjezo a ntchito yabwino, koma atafika adalandidwa mapasipoti n'kumagwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo. Makolo, tisalole mwana wathu kunyamuka chifukwa choti dziko akupitalo ndi la Chisilamu. Anthu oipa ali paliponse.

Mukaonetsetsa, misampha yonseyi ili ndi chingwe chimodzi: changu. Wakuba amafuna muchite pompano, musanafunse munthu. Amakuopsezani kapena kukusangalatsani kuti mutu usagwire ntchito. Chipembedzo chathu chidatipatsa kale mankhwala ake. Mu Surat Al-Hujurat, ndime 6, tikulamulidwa kufufuza nkhani imene yabwera ndi munthu wosadalirika tisanachitepo kanthu. Timaphunzitsanso ana ku madrasa za munthu amene adafunsa Mtumiki (SAW) ngati angoisiya ngamira yake n'kudalira Allah, ndipo adalangizidwa kuti ayambe waimanga kenako adalire. Ngamira yathu lero ndi foni.

Kuimanga kwake ndi kotere. Choyamba, musatumize ndalama kuti mulandire ndalama, kaya ndi mphoto, thandizo, ntchito kapena Haji. Chachiwiri, nambala yachinsinsi ndi yanu nokha. A kampani enieni saifunsa, ndipo kwa ejenti muzidinda nokha mutabisa. Musaike chaka chanu chobadwa kapena 1234. Chachitatu, wina akaimba m'dzina la mbale wanu, dulani foni, mumuimbire mbaleyo pa nambala imene mumaidziwa kale. Chachinayi, chiphaso chanu cha unzika musabwereke munthu kuti akalembetsere nambala, chifukwa akaba, apolisi adzagogoda pakhomo panu. Chachisanu, nkhani iliyonse ya thandizo la mzikiti, maphunziro a ana kunja kapena Haji, bwerani nayo kwa a Shehe ndi komiti, ndipo ife tikafunsa ku maofesi odziwika monga a Muslim Association of Malawi. Paja safunsa adadya phula.

Tikudziwa kuti pabwalo pano alipo ena amene adaberedwa kale koma sadauze ngakhale amuna awo kapena akazi awo chifukwa cha manyazi. Abale athu, manyazi amenewo ndiwo amadyetsa wakuba, pakuti mukakhala chete mawa akola mnansi wanu ndi bodza lomwelo. Zikachitika imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, uthengawo musaufufute, kanenani ku polisi, ndipo tiuzeni kuti tilengeze Lachisanu popanda kutchula dzina lanu. Ndipo ife enafe tisamuseke. Mwamva nokha kuti ngakhale aphunzitsi anu adatsala pang'ono kugwa.

Mawu otsiriza apite kwa anyamata athu. Nyanja ya Chilwa imaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi 2018, matemba amasowa, ntchito kulibe, ndipo mnzako angakuuze kuti kuimba mafoni abodza ndi geni chabe. Imeneyo si geni ayi, ndi kuba, ndipo ndalama yake ndi haramu ngakhale mwini wake sumuona nkhope. Nzeru zanu za foni gwiritsani ntchito poteteza agogo anu. Madzulo ano, mukatha kudya, khalani nawo pansi muwawerengere mauthenga a mu foni mwawo ndi kuwafotokozera zimene mwamva pano.

Tikupempha Allah alandire kusala kwathu, swala zathu ndi sadaka zathu. Atiteteze kwa achinyengo, atitetezenso kuti tisakhale achinyengo, ndipo adalitse pang'ono pomwe tapeza ndi thukuta lathu. Ameen.