CITSULO CA MTANDA NDI CITSULO CA MZATI

Usiku uno tikambirana za zitsulo zomangira nyumba zazikuru, ndipo nkhani yathu tiiyambira kum'mawa kwa Johannesburg, ku dera limene kale linkachedwa East Rand. Kuyambira caka ca 2000 mizinda ya kumeneko, monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, iri pansi pa ulamuliro umodzi wochedwa Ekurhuleni. Akuru-akuru amene anapita ku Joni pa Wenela maina amenewa awadziwa bwino.

Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, migodi inafuna nsanja zotsitsira anthu pansi ndi kukwezera miyala. Poyamba anazimanga ndi mitengo, koma migodi itazama mitengo inacepa mphamvu. Cotero mafakitale a zitsulo anamera pafupi ndi migodiyo, monga Dunswart ku Benoni mu 1911, ndi Dorman Long ku Germiston. Kampani yomweyi ya Dorman Long, yocokera ku England, ndiyo inamanga ulalo wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, ulalo wodumpha mamita 329 popanda mzati m'madzi.

Abale athu ambiri agwira nchito m'mafakitale a kumeneko, ndipo pobwerera kwao afuna kumanga sitolo, cigayo kapena chalichi ca denga la zitsulo. Apa ndipo ndalama za zaka zambiri zitayika, cifukwa munthu afika kogulitsa zitsulo nafunsa mtengo ndi kulemera kokha, osafunsa za maumbidwe a citsuloco.

Tengani thabwa, muligoneke pa njerwa ziwiri, ina uku ina uku, nimuponde pakati. Lidzapindika. Tsopano liimikeni cam'mbali, mupondenso. Thabwa ndi lomwelo, kulemera ndi komweko, koma silipindika ai. Mtanda ukasenza katundu, mbali yace ya pamwamba ipanikizika, ya pansi ikokeka, ndipo pakati pace sipabvutika kwambiri. Amisiri a zitsulo ataona ici anacotsa citsulo cambiri pakati, naciika pamwamba ndi pansi, nasiya kakhoma kopyapyala kolumikiza mbali ziwirizo. Mukayang'ana citsulo cotere kumapeto kwace muona cilembo ca I. Ndico citsulo ca mtanda.

Mphamvu ya mtanda iri m'msinkhu wace, kucokera pansi kufika pamwamba. Thabwa lija likaposa linzace kawiri mu msinkhu, lisenza katundu woposa kanai, ndipo kuuma kwace kuposa ka 8. Amisiri ali ndi lamulo lao loyambira: msinkhu wa mtanda ukhale ngati gawo limodzi la magawo 20 a utali umene ulikudumpha. Cipinda ca mamita 6 cifuna mtanda wa mamilimita ngati 300. Limeneli ndi lamulo longoyambira. Mau otsiriza ndi a injiniya.

Mzati uli ndi bvuto lina. Suthyoka cifukwa ca kuphwanyika, koma upindikira kumbali, monga bango mukalitsamira. Ndipo susankha mbali imene inu mufuna. Upindikira kumene uli wofoka. Cifukwa cace citsulo ca mzati acipanga ca mapiko otambalala, ngati cilembo ca H, kuti cilimbe mbali zonse ziwiri. Kumbukiraninso kuti mzati wowonda ukatalika kawiri, katundu amene ungasenze atsika kufika pa gawo limodzi la magawo anai. Munthu amene aganiza zokweza denga la cigayo cace nyumba iri pakati, osasintha mizati, amve bwino mau amenewa.

Ku South Africa, monganso ku Britain, zitsulo izi azichula ndi manambala atatu. Citsulo ca 203 x 133 x 25 ciri ndi msinkhu wa mamilimita 203, m'lifupi 133, ndipo mita iriyonse ilemera makilogalamu 25. Cimeneci ndi ca mtanda. Mukacigoneka cam'mbali cipindika koposa ka 7 kusiyana ndi pamene ciri ciriri. Cina ca 152 x 152 x 23 ndi ca mzati. Ndi copepuka pang'ono, koma ku mbali yace yofoka ndi couma kuposa cinzace cija. Wogula poyang'ana sikelo yekha akadatenga colemeraco, nalakwa. Manambala onsewa alembedwa m'buku limene amisiri alicha Red Book, la bungwe la Southern African Institute of Steel Construction, lokhazikitsidwa mu 1956.

Pali zitsulo zina za mphako, zozungulira kapena za ngodya zinai. Ife amene tinakulira pafupi ndi nsungwi sitifunika kuuzidwa kuti cinthu ca mphako cingakhale colimba. Zitsulo zimenezi zikana kupotoka, ndipo ndi zabwino pa nsanamira za khonde ndi pa mizati yoonekera. Koma pa izi ndipo ndiona anthu ambiri alikunyengedwa. Kunja zonse zioneka cimodzimodzi, pamene cina khoma lace ndi la mamilimita 1.6, cina la mamilimita 3. Yesani khomalo musanalipire. Ndiponso mutseke kukamwa kwace powocherera, cifukwa madzi akalowamo dzimbiri lidya mkati, kumene utoto sufika ndi diso silipenya.

Citsulo ca ngodya imodzi, conga cilembo ca L, pacokha ndi cofoka. Cilimba cikalumikizidwa ndi zinzace m'makona atatu-atatu, monga muona pa mapaso a denga ndi pa nsanja za magetsi. Conga cilembo ca C, copyapyala cija, nchito yace ndi ya mbariro zokhomerapo malata. Ena acisandutsa mtanda poona kucipa kwace, ndipo cikalemedwa cipotoka.

Ku maiko athu kuno denga la malata mdani wace wamkuru si kulemera, koma mphepo ya mkuntho ya poyamba mvula. Mphepo ikalowa pansi pa malata iwakankhira kumwamba, ndipo zonse zitembenuka: mbali ya citsulo imene inali kukokeka iyamba kupanikizika. Ngati mbali imeneyo iribe zogwiriziza, phaso lipindika, denga la sukulu nkukatera m'munda wa cimanga. Tsono pomufunsa injiniya kapena woyang'anira zomanga wa ku boma, mumuuze utali wa nyumba, msinkhu wa makoma, cimene cidzakhala pamwamba, ndi mbali imene mphepo icokera kwanuko.

Sabata ya mawa nthawi yomweyino tidzakamba za maziko ndi mabauti omangira mizati pansi.