Mtsikana akafuna kusiya mowa, apite kuti?



Nkhani ya lero ambiri timainong'onera kumbali. Mwamuna akaledzera mpaka kugona mu ngalande, anthu amaseka n'kumunyamula. Mkazi akachita zomwezo, dzina limasintha: hule, wosalangidwa, mayi wotaya ana. Akagwiriridwa ataledzera, funso loyamba ndi lakuti, "Nanga amakatani ku bala?" N'chifukwa chake ambiri mwa ife timamwera kuchipinda, midoli ili m'chikwama, chingamu m'kamwa tisanalowe mu ofesi kapena m'kalasi. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa wotchipa unangosamukira m'timabotolo. Mowa sukusowa. Chosowa ndi malo okanenako kuti "ndalephera kusiya pandekha" popanda nkhaniyo kufika kwa apongozi kapena kwa abwana.

Malo otere ndi magulu a anthu omwe onse akulimbana ndi vuto lomweli. Lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe linayamba mu 1935 ku Akron, ku America, pomwe Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith anaona kuti akamauzana za vuto lawo, tsiku limatha osamwa. Si chipatala, si mpingo. Palibe ndalama yolembetsera, woponya m'kambale amaponya mwa kufuna kwake. Chomwe amafuna kwa inu n'chimodzi: mtima wofuna kusiya. Mumatchula dzina loyamba lokha, ndipo mutha kungokhala chete n'kumamvetsera. Misonkhano ina amalola aliyense, ndiye mutha kupita ndi mnzanu wokuperekezani. Ina ndi ya okhawo ali ndi vutoli. Ngati womwa ndi amuna anu kapena mayi anu, gulu la achibale limatchedwa Al-Anon.

Tsono vuto ndi ili: gulu losunga chinsinsi silikhoma chikwangwani pa msewu. Muyenera kufunsa, ndipo funsani kwa anthu omwe ntchito yawo imawaletsa kuulula. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ku Blantyre funsani mbali ya matenda a m'maganizo ku Queens, ku Lilongwe ku Bwaila, ku Zomba ku Mental. Musaope dzinalo, kupita kumeneko si misala ayi. Funso lake likhale lachindunji: "Kodi pali gulu la anthu osiya mowa lomwe limakumana pafupi, tsiku liti?" Mukapatsidwa nambala, imbani kaye musanawononge ya minibasi, chifukwa magulu amasintha chipinda ndi nthawi. Akamakumana mu holo ya tchalitchi, sizikutanthauza kuti mukhale wa mpingowo.

Pa intaneti misonkhano ya pa Zoom ilipo usana ndi usiku, ina ya amayi okhaokha, ndipo kamera mutha kuzimitsa. Koma tinene zoona: yambiri ndi ya m'Chingerezi ndipo imadya bandulo. Msisi wogulitsa kaunjika pa msika, wokhala m'chipinda chimodzi ndi ana atatu, akalowera kuti?

Chenjezo ili musaliphonye. Ngati m'mawa manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka mumwe kaye kuti thupi likhazikike, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Pa masiku awiri kapena atatu oyamba munthu atha kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kufa kumene. Yambirani ku chipatala, gulu libwere pambuyo. Ngati muli oyembekezera kapena mukumwa ma ARV, auzeni anamwino zoona za kamwedwe kanu.

Ife monga gulu la amayi tili ndi mafunso athu owonjezera, chifukwa m'zipinda zambiri zotere amuna ndiye amachuluka. Kodi kumabwera amayi ena? Msonkhano umatha nthawi yanji, tidzakwera kabaza mu mdima? Ku AA munthu watsopano amasankha mnzake yemwe anasiya kale kuti azimuyendetsa, amati sponsor. Wanu akhale mkazi. Bambo wokupemphani nambala tsiku loyamba, ati akusiyeni kunyumba pa galimoto yake, mukaneni, ndipo muuze wotsogolera msonkhano. Kukhala wofooka lero sikupatsa munthu aliyense ufulu pa thupi lanu. Gulu lokuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala, lofuna ndalama kaye, kapena lokuimikani kutsogolo kuti lijambule umboni wanu n'kuuponya pa Facebook, tulukanimo. Pemphero limathandiza ambiri, sitikutsutsa, koma nkhani yanu si yokopera anthu.

Ngati dera lanu kulibe gulu, a AA eni ake amati anthu awiri kapena atatu akwana. Timayendetsa kale banki mkhonde sabata ndi sabata, izi sizingatikanike: chipinda chotseka, tsiku limodzi losasintha, mafoni m'zikwama, zonenedwa zithere momwemo.

Pakhomo pali kabokosi. Lembani dera lanu ndi tsiku lomwe mungapezeke, dzina ayi. Ofuna woperekeza tsiku loyamba, tipezeni tikamatuluka kapena tilembereni ku inbox, wowerenga ndi mkazi mnzanu.