Khirisimasi ya ana awiri: wa abwana ndi wanu

Ndikuthokozani kuti mwapatula tsiku lanu lopuma, lomwe kwa ambiri a inu ndi limodzi lokha pa sabata, kuti tidzakhalire limodzi muno mu Sunnyside. Amene mwabwera ndi ana kumbuyo musatuluke nawo akayamba kulira, pakuti nkhani ya lero ndi yawo.

Mukalowa m'masitolo a ku Sunnypark masiku ano mupeza mitengo ya Khirisimasi ataiwaza thonje kuti lioneke ngati chipale chofewa, chija ena amati sinowo, pomwe panja dzuwa likuswa mtengo ndipo madzulo kukugwa mvula ya mabingu, mwinanso ya matalala. Kuno ku Gauteng sinowo amagwa mwa kamodzikamodzi, ndipo akagwa ndi m'miyezi yozizira: anagwa mu Ogasiti 2012, n'kudzagwanso ku Johannesburg pa 10 Julaye 2023. Komabe sinowo wa mu Disembala amafika mpaka pa mphika wa ambiri a inu. Pretoria ndi mzinda wa akazembe, wa mabungwe ndi makampani akunja. Sukulu zikangotsekera, mabanja ochokera ku Ulaya ndi ku America amene amakhala ku Arcadia, ku Brooklyn ndi ku Waterkloof amalongedza masutikesi, kuti agogo akaone kamdzukulu kawo kakuterereka pa sinowo. Amene anachapa ndi kupinda majuzi a kamwanako, amene anakagwira dzanja pophunzira kuyenda, ndinu. Ndipo inunso muli banja lokhala kudziko la eni, lolera kamwana ka zaka ziwiri kutali ndi agogo ake. Pa Chingerezi mabanja awiriwa amatchulidwa ndi mayina osiyana, lina laulemu, lina lokhala ngati lonyoza. Kusiyana kumene ndikufuna tikambirane lero n'kwa mapepala: mwana mmodzi ali ndi pasipoti yokwerera ndege asanamere mano, winayo mwina alibe ngakhale kalata yosonyeza kuti anabadwa.

Vutoli ndi latsopano m'mbiri yathu. Agogo athu amene ankapita ku Joni kudzera ku Wenela ankayenda okha, amuna okhaokha, ana n'kutsala kumudzi ndi amayi awo ndi atsibweni awo. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera kumigodi, boma la Dr Banda linaimitsa ulendowo, ndipo lero dzina la Wenela latsalira pa siteji ya mabasi ku Blantyre. Masiku ano amayi akuyenda nawonso, ana akubadwira ku Tshwane District Hospital ndi ku Kalafong, ndipo mudzi umene unkalera mwana wasanduka chipinda chimodzi cha m'fulati mu msewu wa Robert Sobukwe, chogawidwa pakati ndi nsalu.

Ndiyambe ndi malipiro, chifukwa popanda iwo zina zonse n'zongolankhula. Abwana akanyamuka kwa masabata anayi kapena asanu, ambiri mumauzidwa kuti, popeza m'nyumba mulibe wowagwirira ntchito, malipiro adzayambanso mu Januwale. Lamulo silitero. Basic Conditions of Employment Act ya 1997, pamodzi ndi malamulo apadera a antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu, imapereka masabata atatu a tchuthi cholipidwa pa chaka chilichonse chimene mwagwira. Ngati simunagwirizane za nthawi yake, abwana ali ndi mphamvu yosankha kuti tchuthicho chigwe mu Disembala. Koma masabata atatuwo akatha iwo akadali kwawo, inu muli okonzeka kugwira ntchito, sangakuikeni pa tchuthi chosalipidwa inu musanavomere. Ulendo ndi wawo, ndipo mtengo wake suyenera kuchotsedwa pa ufa wa mwana wanu. Ndalama za tchuthi ziyenera kuperekedwa tchuthicho chisanayambe, pokhapokha mutagwirizana kuti zibwere pa tsiku lolandirira la nthawi zonse. Masiku a 16, 25 ndi 26 Disembala komanso 1 Januwale ndi tchuthi cha dziko lonse. Likagwa pa tsiku limene mukanagwira ntchito, silichotsedwa pa masabata anu atatu aja, ndipo mukavomera kugwira pa tsikulo malipiro ake ndi owirikiza kawiri.

Palinso ena amene amasiyiridwa makiyi: muzidyetsa agalu, muzithirira maluwa, muzigona komweko kuti akuba aone kuwala. Imeneyo ndi ntchito, si tchuthi ayi, ngakhale m'nyumbamo mulibe wokutumani. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo kuchokera mu 2022 wantchito wa m'nyumba amalandira mlingo womwewo ngati wina aliyense. A m'mafamu anafika pa mlingo wofanana chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Za bonasi ndinene mosabisa: lamulo silikakamiza, pokhapokha italembedwa mu mgwirizano wanu. Choncho zovala zakale za mwana wa abwana ndi thumba la zakudya zotsala mu fuliji zilandireni ndi manja awiri ngati mphatso, koma zisalowe m'malo mwa ndalama ya tchuthi.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ena: nanga ine amene mapepala anga anatha? Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, bwalo loona za ntchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Chigamulochi sichikupatsani chilolezo chokhala m'dziko muno, koma chimatanthauza kuti thukuta lanu silingadyedwe mwaulere. Mukabwerera mu Januwale n'kupeza kuti pa malo panu pali wina, muli ndi masiku 30 okha oti mukasume. Amene mumagwirira akazembe enieni, njira yanu ndi yokhotakhota, chifukwa pangano la ku Vienna la 1961 limawateteza ku makhoti a dziko limene atumidwako. Koma si mzungu aliyense amene ali kazembe. Wogwira ku kampani kapena ku bungwe wamba ali pansi pa malamulo a dziko lino monga mwini dziko.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani yanga. Chaka chonse simupeza tsiku la pakati pa sabata loti mukaime pa mzere wa ofesi ya boma, chifukwa mumakhala mutabereka mwana wa eni. Masabata amene abwana ali ku sinowo ndiwo mpata wokhawo umene mwana wanu ali nawo pa inu dzuwa likadali m'mwamba. Ndikupemphani kuti tsiku limodzi kapena awiri mwa masiku amenewa muwapereke ku mapepala ake.

Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndi dziko kuyambira tsiku lobadwa. Silinena kuti mwana wa nzika yekha. Lamulo la 1992 la kalembera wa obadwa ndi omwalira limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30. Akapitirira, khomo silitsekeka, koma mafunso ndi maumboni zimachuluka, ndipo zimachulukirachulukira mwana akamakula. Pepala limene achipatala anakupatsani lotsimikiza kuti mwana anabadwira kumeneko ndilo muzu wa zonse; lisungeni mu pulasitiki, mulijambulenso pa foni n'kutumiza chithunzicho kwa m'bale wodalirika. Mu 2018, pa mlandu wa Naki, bwalo lalikulu la ku Grahamstown, komwe tsopano ndi Makhanda, linapeza kuti kusowa kwa mapepala a kholo sikuyenera kutsekereza mwana kulembetsedwa. Mu Seputembala 2021 bwalo lalikulu kwambiri loona za malamulo a dziko, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la Centre for Child Law la pa University of Pretoria, linagamula kuti bambo wosakwatirana ndi mayi wa mwana akhoza kulembetsa mwanayo m'dzina lake. Abambo muli muno mwamva: ntchito imeneyi si ya amayi okha. Pa kauntala zinthu siziyenda nthawi zonse monga zigamulo zinanenera, n'chifukwa chake mukabwezedwa funsani chifukwa chake, lembani tsiku, ndipo pitani kwa a Lawyers for Human Rights mu msewu wa Visagie kapena kwa a Legal Aid South Africa. Thandizo lawo ndi laulere.

Pali chikhulupiriro chimene chafala pakati pathu chakuti mwana wobadwira kuno ndi nzika ya kuno. Si choncho. Ngati makolo onse awiri ndi alendo, kalata ya kubadwa siimusandutsa nzika. Iye ndi Mmalawi, kapena wa ku Zambia, kapena wa ku Mozambique, potsata makolo ake. Koma kalatayo ndiyo idzamutsegulire pasipoti ya kwawo, ndiyo idzafunsidwe ku sukulu, ndipo lamulo la unzika limalola mwana wobadwira kuno, amene kubadwa kwake kunalembetsedwa ndipo wakhala kuno mpaka zaka 18, kupempha unzika. Bwalo la apilo linatsimikiza zimenezi mu 2018 pa mlandu wa Ali. Kamwana kamene kakuyamwa chala pa miyendo panupo kadzakhala mnyamata kapena mtsikana wofuna kulemba mayeso ndi kupeza ntchito, ndipo tsiku limenelo adzakufunsani za pepala limene mukanatenga Disembala uno.

Buku la kusikelo, limene kuno amalitcha Road to Health, liyendere limodzi ndi kalatayo. Tsegulani muone ngati mwana analandira katemera wa chikuku wa pa miyezi 6 ndi 12, ndi katemera wa pa miyezi 18 amene ambiri amamuphonya chifukwa mayi wabwerera kale ku ntchito. Mu Epulo 2023, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la SECTION27, bwalo lalikulu la ku Johannesburg linalamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lawo kapena mapepala awo. Tonse taona magulu a anthu akuima pa zipata za makiliniki kufunsa ziphaso. Mphamvu yofunsa munthu mapepala ili ndi apolisi ndi ogwira ntchito za olowa ndi otuluka m'dziko, osati aliyense wovala sikipa ya gulu. Musalimbane nawo muli nokha ndi mwana kumbuyo, koma musabwererenso kunyumba n'kukhala chete mwana ali ndi thupi lotentha. Pitani awiriawiri, ndipo mukabwezedwa dziwitsani maloya ndawatchula aja.

Abale a m'mafamu, ndikudziwa kuti kwa inu Disembala si mwezi wopuma. Ku Tzaneen ndi nthawi yothyola malitchi ndi mango, ku Groblersdal mphesa, ku Brits ndiwo zamasamba sizidziwa Khirisimasi. Sukulu za mkombaphala zimatseka pamene ntchito yafika pachimake, ndipo kamwana kamatsala ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, pafupi ndi damu ndi zigubu zimene munali mankhwala opopera. Zigubu zimenezo musatungiremo madzi ngakhale mutazitsuka chotani. Gwirizanani m'komboni kuti tsiku lililonse pakhale wamkulu mmodzi woyang'anira ana, ena n'kumusonkhera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana akadwala, amene mwagwira kwa bwana mmodzi kupitirira miyezi inayi, masiku osachepera anayi pa sabata, muli ndi masiku olipidwa osamalira banja: atatu pa chaka kwa a m'mafamu, asanu kwa a m'nyumba.

Otsala ndi amene mtima uli kale pa basi. Ulendo wa ku Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza ndi wa masiku awiri zinthu zikayenda bwino, ndipo mu Disembala mzere wa pa Beitbridge umatha kudya tsiku lina lathunthu, kunja kukutentha koopsa. Mwana afunika chikalata chakechake choyendera. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Arcadia, mtunda woyenda pansi kuchokera pano, ndipo mufunsitse ngati chikalata chimene akupatsani n'chopitira kokha kapena chobwereranso. Kholo limodzi likamayenda ndi mwana, litenge kalata ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya kholo linalo. Musapereke mwana kwa dalaivala kapena kwa munthu wongomudziwira pa siteji kuti akamuwolotse mozemba. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2014, amene wapitirira masiku amene anapatsidwa pa chidindo amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati aposa. Werengani chidindo chanu musanagule tikiti, makamaka ngati mwana kapena mnzanu wa pabanja akutsala kuno.

Chomaliza n'cha udzudzu. Ku Pretoria kulibe malungo, ndiye mwana wobadwira kuno thupi lake silinakumanepo nawo, pomwe kumudzi mukufika m'dzinja, nthawi imene malungo ali pachimake. Pitani ku kiliniki musananyamuke mukafunse za mankhwala omuteteza, mugule neti yakeyake, ndipo agonemo usiku uliwonse ngakhale agogo ake aseke kuti mwana wa ku Joni ndi wofewa. Mukabwerako, mwana akatentha thupi m'masabata otsatira, musadikire kuti muone ngati ndi mano. Pitani naye tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa anamwino akhale akuti mwanayu wachokera ku Malawi, amuyeze magazi.