Anthu Obvala Maina a Milungu

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, akulu a Acewa asunga nthano ya ciyambi ca dziko. Iwo anena kuti Cauta anatsika ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, ndipo onsewo anakhala mumtendere. Tsiku lina munthu anapeka timitengo tiwiri, moto nubuka, nutentha thengo lonse. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, koma njobvu ndi mkango zinacoka zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo kangaude anapota ulusi wace, nakweza nao Cauta kumwamba. Kuyambira pamenepo munthu ali ndi moto m'dzanja lace, koma imfa imlondola pambuyo.

Nthano imeneyi ifunsa funso limene silinakalambe: kodi munthu akapeza nzeru yatsopano, adzacita nayo ciani kwa Mulungu ndi kwa anzace? Funso lomweli lipezekanso m'mabuku a nthano zopeka zimene Azungu azicha science fantasy, ndizo nkhani zosakaniza makina a m'tsogolo ndi zodabwitsa za mizimu ndi milungu.

Limodzi la mabuku otere ndilo Lord of Light, lolembedwa ndi Roger Zelazny wa ku America m'caka ca 1967, limene linalandira mphotho ya Hugo mu 1968. M'bukumo anthu acoka pa dziko lino m'combo, nakafika pa dziko lina lakutali pakati pa nyenyezi. Oyendetsa combo aja ali ndi makina osamutsa moyo wa munthu kucoka m'thupi lokalamba kulowa m'thupi latsopano. Poona kuti mankhwala a imfa ali m'manja mwao, iwo adzicha maina a milungu ya ku India, monga Brahma, Shiva ndi Kali, nadzimangira mzinda umene aucha Kumwamba. Zidzukulu za anzao azisandutsa anthu wamba. Aziletsa kudziwa makina, ngakhale osindikizira mabuku. Pa akacisi aika makina opempherera amene munthu aponyamo ndalama. Wokangana ndi milunguyo ampatsa thupi lodwala kapena la nyama. Potsiriza mmodzi wa iwo okha, dzina lace Sam, awaukira. Cida cace ndico ciphunzitso ca Buddha, cimene acilalikira kuti athyole ulamuliro wa anzace.

Wogwira nchito pa mgodi sadzacedwa kumvetsa nthano imeneyi. Iye adziwa kuti cikepe cimene citsitsa anthu pansi pa nthaka siciyenda ndi matsenga, koma ndi cingwe, magetsi ndi munthu wokhala m'nyumba ya injini. Mlendo amene sanaone injiniyo angathe kugwada. Milungu ya Zelazny inakhala pa mipando cifukwa inabisa nyumba ya injini.

Zotere sizikhala m'mabuku mokha. Mu 1925 munthu wina wa ku Nyasaland, Tomo Nyirenda, amene anagwirapo nchito ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, analowa m'dziko la Alala ku Mkushi, nayamba kubatiza anthu. Anachuka ndi dzina lakuti Mwana Lesa, ndiko kuti Mwana wa Mulungu. Iye anati madzi a ubatizo adzaulula mfiti, ndipo amene anawaloza anawamiza m'mtsinje mpaka kufa. Anaoloka kupita ku Congo, kumene anthu enanso ambiri anaphedwa. Mu 1926 boma linamweruza, nilimnyonga. Iye analibe combo kapena makina. Anali ndi mantha a anthu okha, ndipo manthawo anamkwanira.

Koma si aliyense wonena za Mulungu amene afuna mpando wace. Makolo a Acewa anali ndi Makewana ku kacisi wa ku Msinja, mai wopempha mvula m'malo mwa mtundu wonse. Mafumu anali kumlemekeza ndi kutumiza mphatso, koma iye mwini anali womangidwa ndi miyambo yolimba. Sanali kukwatiwa monga akazi ena, ndipo tsitsi lace sanali kulimeta mwa kufuna kwace, pakuti anthu anakhulupira kuti mvula idalira pa iye. Mphamvu yace inali katundu wosenza. Apa ndipo pali kusiyana: wotumikira Mulungu abvomera malire, koma wobvala dzina la Mulungu aikira ena malire, iye mwini osamangidwa ndi kanthu.

Dziko la Zambia lili nayenso munthu wace wa maloto a nyenyezi. Mu 1964, caka ca ufulu, mphunzitsi Edward Mukuka Nkoloso, amene anali msilikali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anali kuphunzitsa anyamata ndi mtsikana pafupi ndi Lusaka za ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars. Analemba kuti adzatumiza mtsikanayo, amphaka awiri ndi mmishonale, ndi kuti mmishonaleyo wacenjezedwa asakakamize anthu a kumeneko kulowa Cikristu ngati safuna. Ambiri anamseka, ndipo combo cace sicinauluke. Koma pa cenjezo limenelo iye anaposa milungu ya m'buku lija. Mlembi Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, anamuika m'buku lace la The Old Drift la 2019, limene linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020. M'bukumo mulinso timakina tokwiriridwa m'zikhato za anthu ndi tina touluka ngati udzudzu, ndipo funso ndi lomwe lija: amene agwira makina agwiranso anthu.

Cifukwa cace nthano izi si zoseweretsa ana. Lero mlimi wa nsawa ku Vubwi ndi wokumba mkuwa ku Kitwe onse ali ndi foni m'thumba, ndipo mau a munthu wolonjeza cuma ndi macilitso awapeza ngakhale usiku. Ena agulitsa madzi ndi mafuta m'mabotolo, nati wopereka zambiri adzadalitsidwa koposa. Malipiro a mwezi wathunthu angathere pamenepo, ana kumudzi alikudikira ndalama ya sukulu. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wanzeru asataye pemphero lace, koma ayambe wafunsa: kodi wolonjezayu alola kufunsidwa? Kodi ndalama zipita kuti? Kodi iye mwini amvera lamulo la yani?

Pa phwando la Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa August, mafumu a Acewa ocokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique abwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi ndi kunena za umoyo wa anthu ao. Ngakhale mfumu iyankha kwa wina. Munthu amene akana kuyankha kwa aliyense, nanena kuti mau ace ndiwo mau a Mulungu, ndiye woyenera kumpenyetsetsa.