Mawu a Mboni Ndi Mbiri Yathu



Lero tikambirana za umboni. Mboni ndi munthu amene anaona chinthu ndi maso ake. Mawu ake akalembedwa bwino amakhala mbiri ya dziko.

Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda a Chipwitikizi anapha anthu ku Wiriyamu ndi m'midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi mzinda wa Tete. Anapha amuna, akazi ndi ana, natentha nyumba. Opulumuka ena anafika ku chipatala cha Tete ali ndi mabala. Ansembe a Katolika anawamvetsera nalemba maina a akufa, mmodzi mmodzi.

Pa 10 Julayi 1973 wansembe Adrian Hastings anaulula nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal linakana. Koma mainawo anali atalembedwa kale. Patapita zaka zoposa 20, wolemba mbiri Mustafah Dhada anapita kukafunsanso opulumuka. Anapeza kuti anaphedwa anthu osachepera 385. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inavomera mlanduwu poyera ku Maputo.

Anayamba ntchito yonseyi ndi alimi onga ife, amene ananena zimene anaona.

M'midzi mwathu muli agogo amene anagwira chibalo, analima thonje mokakamizidwa, anathawa nkhondo. Akamwalira tisanalembe, mawu ao amakwiriridwa nao pamodzi. Ife tikuphunzira kulemba. Tilembe motere:

Tiyambe tapempha chilolezo. Amene safuna kunena tisamkakamize, pakuti zina zimawawa.

Timsiye alankhule m'chinenero chake. Tisamdule mawu, tisamuuze choyankha.

Tifunse: “Agogo, izi munaziona nokha kapena munangomva?” Zoona ndi maso tizilembe pazokha, zakumva pazokha.

Ngati sakumbukira chaka, tifunse za nyengo: kodi inali nthawi ya dzinja kapena yokolola? Mfumu anali yani? Mwana wao woyamba anali atabadwa?

Munthu amaiwala. Tsono tifunsenso mboni yachiwiri ndi yachitatu, aliyense payekha. Akasiyana, tilembe mawu a onse, tisasankhe otikomera.

Pomaliza timwerengere mboni zimene talemba, kuti akonze zolakwa.

Sabata ino aliyense wa ife akacheze ndi mkulu mmodzi. Akalembe dzina lake, mudzi wake, tsiku la kucheza, ndi mizere isanu ya mawu ake. Tidzaiwerenga pamodzi tikakumananso.